Galimoto Sigulidwa Tsiku Limodzi

Munthu akagula galimoto, abale ndi anansi asonkhana kudzaiona, naizungulira, nagwiragwira zitseko zace, ndipo funso lao liri limodzi nthawi zonse: "Mwagula zingati?" Mwini wace achula mtengo, ena azizwa, ena ayamika, ndipo onse abwerera kwao alikuyesa kuti nkhani ya ndalama yatha. Koma pali funso lina limene kawirikawiri lisowa wolifunsa, ndilo lakuti, "Nanga idzadya zingati?" Ife tiyesa kuti funso laciwirili liposa loyamba, pakuti mtengo wogulira ulipidwa kamodzi, koma galimoto ipempha ndalama tsiku ndi tsiku, poyenda ndi poima pomwe, kufikira tsiku limene idzagulitsidwa kapena kukankhidwira kuseri kwa nyumba. Makolo athu anati, walira mvula walira matope. Mau athu mwezi uno ali a matopewo. Ndipo tifuna kuonetsa inu owerenga kuti munthu akhoza kuwayesa ndi kuwawerenga bwino lomwe, akakhala nalo buku laling'ono ndi colembera.

Sitinena za malole kapena za timagalimoto tating'ono ta m'tauni, koma za galimoto ya msinkhu wapakati, ya zitseko zinai, ya buti kumbuyo, yonyamula anthu asanu, ndi yomwa petulo. Ndiyo imene aphunzitsi akuru, akalaliki a m'maofesi ndi eni masitolo aikonda, cifukwa ikhala bwino panjira yaitali, nipatsa mwini wace ulemu. Ife amene tilemba mau awa tayenda nayo galimoto ya mtundu uwu zaka zingapo, ndipo citsanzo cathu cikhale Toyota Camry, popeza ciwerengero ca mafuta ace cinalembedwa poyera kuti ali yense acione. Camry inayamba kugulitsidwa ndi dzina lace lokha mu 1982 ku Japan. Kuyambira 1988 ipangidwanso ku Georgetown m'dera la Kentucky ku America, ndipo m'dziko limenelo inaposa magalimoto anzace a mtundu wace pa malonda zaka zambiri zotsatana. Utali wace uli pafupi mamita 5, kulemera kwace pafupi tani imodzi ndi theka, ndi thanki yace ilowa malita pafupi 60. Pa miseu yathu ioneka pamodzi ndi abale ace ocokera ku Japan, monga Premio, Allion ndi Mark X. Ndipo zimene tidzanena za iyo zikhudza iwonso.

Kale ku America anthu sanasamala za kamwedwe ka galimoto, pakuti mafuta anali ochipa ngati madzi. Koma mu October 1973 maiko a Aluya okumba mafuta analeka kugulitsa mafuta ao kwa America ndi maiko ena, cifukwa ca nkhondo ya Israel ndi anansi ace. Ndipo m'miyezi yowerengeka mtengo wa mbiya imodzi ya mafuta unakwera kucokera pa madola pafupi 3 kufikira pafupi 12. Pomwepo anthu a dziko lolemera lija anaphunzira kuima pamzere pa malo omwetsera mafuta, monga ifenso tinaima mu 2011 ndi mu 2022. Boma lao linalamula mu 1974 kuti galimoto isathamange koposa mamailosi 55 pa ora, ndiwo makilomita 89. Ndipo mu 1975 linaika lamulo lokakamiza opanga magalimoto kuti magalimoto ao, powaphatikiza onse, ayende mamailosi 18 pa galani imodzi pofika 1978, ndi mamailosi 27.5 pofika 1985. Kuyambira masiku amenewo galimoto yatsopano ku America igulitsidwa ndi pepala pazenera lonena za kamwedwe kace. Ndipo woyang'anira miyeso imeneyi ndilo bungwe la boma lochedwa EPA.

Taonani tsono zimene pepalalo linanena za Camry ya 2018, ya injini ya malita 2.5 ndi masilinda 4. M'tauni iyenda mamailosi 28 pa galani, panjira yaikuru 39, ndipo pophatikiza ziwirizi 32. Ife sitigula mafuta ndi galani, cifukwa cace tisandutse: ciwerengero ca Amereka mukacicurukitsa ndi 0.425 mupeza makilomita pa lita imodzi. Potero Camry iyi iyenda makilomita pafupi 12 pa lita m'tauni, 16 ndi theka panjira yaikuru, ndi 13.6 pophatikiza. Mbale wace wa injini yaikuru, ya malita 3.5 ndi masilinda 6, analembedwa mamailosi 26, ndiwo makilomita 11 pa lita. Pano pali msampha umene ukola ambiri. Galani ya Amereka ndi malita 3.785, koma galani ya Angerezi, imene makolo athu anagula nayo palafini, ndi malita 4.546, kotero galimoto imodzimodzi yolembedwa 32 ku America ikalembedwa 38 ku Britain. Wogulitsa akakuuzani ciwerengero cokoma, mufunseni galani yace ndi ya kuti. Safunsa anadya phula.

Koma ngakhale ciwerengero coona ca papepala siciri lonjezo. Galimoto yoyesedwa siyenda pamseu konse. Iikidwa m'nyumba, mawilo ace nazungulira pa zitsulo zogubuduzika, ndipo woyendetsa atsata ndondomeko yoikika ya kufulumira ndi kuima. M'menemo mulibe maenje, mulibe mbuzi yodutsa, mulibe matumba a cimanga m'buti. Amereka okha anaona kuti miyeso yao yakale inakometsa zinthu, ndipo kuyambira magalimoto a 2008 anaonjezapo kuthamanga kwambiri, kuzizira, ndi kuyatsa coziziritsa mpweya. Pamenepo ziwerengero za magalimoto ambiri zinatsika, angakhale magalimotowo sanasinthika. Ku Japan, kumene kucokera magalimoto athu ocuruka, kunali muyeso wofatsa wochedwa JC08, ndipo mu 2018 anayamba kusinthira ku wina wochedwa WLTC, woyandikira ku mayendedwe enieni. Cotero galimoto yofika ku Dar es Salaam, nilowa kwathu pa Songwe itayenda kale zaka khumi m'dziko la eni, siyenera kuyembekezedwa kucita monga linanena pepala la ubwana wace. Pepalalo lithandiza polinganiza galimoto ina ndi inzace. Koma za thumba lanu silidziwa kanthu.

Palinso cinthu ca kwathu kuno cimene pepala la kunja silingaciwerenge. Kuyambira 1982, pamene anamanga nyumba yochezera ethanol ku Dwangwa, petulo wa m'Malawi asanganizidwa ndi ethanol wocokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Ndipo mu 2004 inatsegulidwa nyumba ina yotere ku Chikwawa. Ici ndi canzeru kwa dziko lopanda doko, limene mafuta ace ayenda ulendo wautali kucokera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, nagulidwa ndi ndalama zakunja zosowa. Koma lita ya ethanol iri ndi mphamvu yocepa; ipereweza gawo limodzi la magawo atatu poilinganiza ndi lita ya petulo. Akasanganiza malita 10 mwa 100, galimoto itaya mtunda wa makilomita pafupi 3 mwa 100 ali onse. Akasanganiza 20, itaya pafupi kawiri kace. Sitinena ici modandaula, pakuti phindu lace kwa dziko liri lalikuru. Tingofuna kuti munthu asayese makaniko wace wosadziwa nchito, pamene galimoto yace yapereweza pang'ono pa ciwerengero ca ku Japan.

Nanga mafuta amene tithira apita kuti? Ambiri adzazizwa pakumva kuti ocuruka a iwo sayendetsa galimoto konse. Akatswiri a boma la America awerenga kuti mwa mphamvu 100 za m'petulo, zofika ku mawilo ziri pakati pa 12 ndi 30 zokha. Zotsalazo zisanduka kutentha, zituruka ndi utsi kumbuyo, kapena zitayidwa ndi rediyeta kutsogolo. Ici ndi cibadwa ca injini yoyaka moto, ndipo mwini galimoto sangathe kucisintha. Koma gawo laling'ono lofika ku mawilo liri m'manja mwace, ndipo lilimbana ndi adani atatu: mphepo, kulemera, ndi kukhuzana kwa matayala ndi mseu.

Mdani woyamba ndiye mphepo, ndipo akula modabwitsa. Mukathamanga kawiri, mphepo ikukanizani kanai. Wocoka pa makilomita 80 pa ora kufikira 120 ayesa kuti waonjeza theka lokha, koma mphepo yomkaniza yakula kawiri ndi kanthu. Ndico cifukwa cace galimoto ya mtundu uwu imwa pang'ono koposa pa liwiro lofatsa, pamene giya yapamwamba yalowa ndi injini ilira motsitsa. Kupitirira makilomita 80 pa ora, kuonjeza kuli konse kulipidwa ndi mafuta. Katundu womangidwa padenga athandiza mdani yemweyu, pakuti aononga maonekedwe osalala amene opanga anawavutikira. Bokosi lalikuru la padenga likhoza kudya makilomita 10 kufikira 25 mwa 100 pa liwiro lalikuru. Akuru anati kuthamanga sikufika. Ife tionjezapo kuti wothamanga afika ali ndi thumba lopepuka.

Mdani waciwiri ndiye kulemera. Kudzutsa tani imodzi ndi theka pamene yaima kufuna mafuta ambiri; ndipo nthawi iri yonse mukaponda buleki, mphamvu imene munaigula ndi ndalama isanduka kutentha kwa pa mawilo, nitayika. Ici cimasulira cifukwa cace Camry imodzimodziyo iyenda 16 ndi theka panjira yaikuru, koma 12 yokha m'tauni. Woyendetsa wamtima wapacala, woponda moto kwambiri pocoka ndi kuponda buleki mwadzidzidzi pofika, akhoza kutaya makilomita 10 kufikira 40 mwa 100 m'mayendedwe oimaima. Woyendetsa wofatsa aona patali. Akaona mahampu kapena msika wa m'mbali mwa mseu, acotsa phazi pamoto msanga, nalola galimoto idziyendere yokha. Katundu wosafunika nayenso adya: makilogalamu 45 ali onse oonjezera atenga pafupi 1 mwa 100.

Mdani wacitatu ndiye tayala losowa mpweya, limene liphwanyika pamseu ngati phazi la m'matope. Kutayika kwace kwa mafuta sikuli kwakukuru, kufikira 3 mwa 100. Koma tayala lotero litentha, lidyeka m'mbali, litha msanga, ndipo likhoza kuphulika. Muyeso woyenera ulembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa, ndipo mpweya uyesedwa matayala ali ozizira. Pamwamba pa adani atatuwa pali kuononga kumene kulibe dzina lina koma ulesi. Injini yolira galimoto iri ciimire imwa lita imodzi kapena awiri pa ora, osayenda ngakhale phazi limodzi. Injini yozizira imwanso koposa yotentha. Cotero maulendo asanu aafupi, a kumsika ndi kubwera, adya koposa ulendo umodzi wophatikiza zonse.

Tsono munthu adzadziwa bwanji kamwedwe ka galimoto yace ya iye mwini? Njira yace iri yapafupi, ndipo ife taitsata nthawi yonse imene takhala ndi galimoto. Dzazani thanki kufikira pampu yadziimitsa yokha, nimulembe m'buku ciwerengero ca makilomita cooneka pamaso pa woyendetsa. Yendani monga mwa masiku onse. Pobweranso dzazaninso momwemo, nimulembe malita amene alowa ndi makilomita atsopano. Gawani mtunda ndi malita: mukayenda makilomita 480, nimuthira malita 40, galimoto yanu iyenda 12 pa lita. Muyeso umodzi sukwanira. Citani kasanu kapena kakhumi, ndipo coonadi cidzaoneka. Tidziwa kuti masiku a kusowa kwa mafuta, ndi masiku a kusowa kwa ndalama, munthu sakhoza kudzaza thanki. Pamenepo lembani malita onse amene muthira, ngakhale asanu okha, ndipo pakutha miyezi itatu muwaphatikize ndi kugawa nao mtunda wonse. Lembani malita, osati makwacha okha. Pakuti mtengo umene bungwe la MERA lilengeza usinthasintha, koma lita ikhala lita.

Buku lathu latiphunzitsa zinthu zimene sitikadaziona ndi maso. Lationetsa kuti miyezi ya maulendo a m'tauni idya koposa miyezi ya maulendo atali, ngakhale mtunda wace uli wocepa. Kuti mwezi wa October, pamene coziziritsa mpweya cigwira nchito tsiku lonse, uli ndi mtengo wace. Ndi kuti anthu awiri oyendetsa galimoto imodzi panjira imodzi sabwera ndi ciwerengero cimodzi. Koposa zonse, bukulo likhala ngati sing'anga woona nthenda isanagwetse munthu. Tsiku lina ciwerengero cathu cinatsika popanda cifukwa cooneka, ndipo injini inalira bwino monga kale; koma popeza buku linanenetsa, tinapita nayo kugalaja, ndipo makaniko anapeza buleki ya kumbuyo irikugwira pang'ono nthawi zonse. Mapulagi otha, sefa ya mpweya yodzala pfumbi pa magalimoto akale, ndi mawilo osalunjika, zonsezi ziyamba kulankhula m'buku zisanalankhule pamseu.

Tiyeni tiwerenge pamodzi, kuti muone kukula kwace kwa tinthu tating'onoti. Kucokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre, podzera ku Dedza, ku Ntcheu ndi pa Zalewa, pali makilomita pafupi 310. Woyenda 16 pa lita afuna malita 19. Woyenda 12 afuna 26. Kupita ndi kubwera asiyana malita 13 kapena 14. Tiyerekeze tsono munthu woyenda makilomita 15,000 pa caka. Ndi Camry ya masilinda 4, pa 13.6, adzathira malita pafupi 1,100. Ndi ya masilinda 6, pa 11, adzathira pafupi 1,360. Kusiyana kwace ndi malita 260. Mu November 2023 petulo anakwera kucokera pa K1,746 kufikira K2,530 pa lita. Pa mtengo wa masiku amenewo malita 260 anali ndalama zoposa K650,000 pa caka cimodzi. Ikanipo mtengo wa lero, nimufunse mtima wanu ngati kulira kokoma kwa injini yaikuru kuyenera ndalama zimenezo, zimene zikadagula feteleza kapena kulipira sukulu ya mwana. Wofuna Mark X, imenenso iri ya masilinda 6, awerenge momwemo asanapereke ndalama zace.

Pali cinsinsi cina ca masamu cimene tifuna muciyang'anitse. Kukwera kucokera pa 8 kufika pa 10 pa lita kuoneka kwakung'ono, ndi kukwera kucokera pa 16 kufika pa 20 kuoneka kwakukuru. Koma werengani pa mtunda wa makilomita 100. Woyambayo acoka pa malita 12.5 kufika pa 10, napulumutsa malita awiri ndi theka; waciwiriyo acoka pa 6.25 kufika pa 5, napulumutsa lita imodzi ndi kanthu kakang'ono. Ndico cifukwa cace ku Europe acula kamwedwe ka galimoto ndi malita a pa makilomita 100. Phunziro lace ndi ili: phindu lalikuru liri pa kuciritsa kapena kuleka galimoto yakumwa kwambiri, koposa pa kufunafuna yakumwa pang'ono koposa zonse.

Koma mafuta ndiwo mbali imodzi yokha ya mtolo, ndipo aoneka akuru cifukwa tiwalipira poyera, ndalama ziri m'manja. Ku America bungwe la oyendetsa magalimoto lochedwa AAA liwerenga caka ndi caka mtengo wonse wa kukhala ndi galimoto yatsopano. Mu 2023 linapeza madola 12,182 pa caka, kwa munthu woyenda mamailosi 15,000. Ndipo mwa ndalama zimenezo mafuta sanafika ngakhale pa gawo limodzi la magawo anai. Cinthu codya koposa zonse cinali kutsika kwa mtengo wa galimoto pamene ikalamba, ndico cimene palibe munthu acilipira pa kauntala, koma aciona tsiku logulitsa. Kwathu kuno magawo asiyana, popeza tigula magalimoto akale ndi mafuta odula. Mafuta ndi zokonzetsa zilemera koposa. Koma kukalamba kwa galimoto kulipo ndithu, ngakhale kubisala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023; ndipo ena anagulitsa magalimoto ao ndi makwacha oposa amene anagulira, nayesa kuti apindula. Atapita kukafuna ina yonga yomweyo, anapeza kuti mtengo wace uwerengedwa ndi madola, ndi msonkho wa pa cipata pamwamba pace, umene ukula monga mwa kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto.

Ndalama za galimoto tizigawe pawiri. Ziripo zoyenda ndi mtunda: mafuta, oyilo ndi sefa yace, matayala, mabuleki, mashoko amene maenje a miseu yathu awatha msanga, ndi za pa zipata zolipiritsa monga ca Chingeni ndi ca Kalinyeke. Ziripo zina zodya galimoto iri ciimire: inshuwalansi imene lamulo likakamiza, ciphaso ca COF, batire imene ikalamba ngakhale yosagwira nchito, ndi ciongola dzanja ngati munagula ndi ngongole. Zoyambazo muzigawe ndi mtunda umene zikhala; mwacitsanzo, matayala anai akatha pa makilomita 40,000, gawani mtengo wao ndi 40,000, ndipo mudzadziwa cimene kilomita iri yonse idya pa matayala. Zaciwirizo muzigawe ndi mtunda wa caka conse. Tiyerekeze kuti zifika K600,000 pa caka: woyenda makilomita 20,000 alipira K30 pa kilomita, koma woyenda 5,000 okha alipira K120. Potero munthu woyenda kamodzikamodzi, akawerenga moona, akhoza kupeza kuti basi ndi galimoto yobwereka pa masiku ofunika zimcipira koposa kukhala ndi yace.

Ciwerengero ici ca pa kilomita cikhudza mtendere wa pa cibale, ndipo apa ndipo nkhaniyi itifika pamtima. Pakati pathu galimoto siiri ya munthu mmodzi. Pakagwa maliro, pakadwala mayi wapakati usiku, pakakhala ukwati kumudzi, onse ayang'ana kwa iye amene ali nayo. Ndipo nkoyenera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wobwereka anena ndi mtima woona, "Acimwene, musade nkhawa, mafuta ndithira ndine," nayesa kuti walipira ulendo wonse. Mwini wace avomera, koma pakupita kwa miyezi aona matayala atha, mashoko alira, ndi ndalama palibe. Ayamba kuwiringula ndi kunama kuti galimoto yafa, ndipo abale amuyesa woumira. Onse awiri alakwiridwa ndi kusadziwa. Munthu wodziwa mtengo wa kilomita yace akhoza kupatsa ndi maso otseguka. Pa maliro ndi pa matenda anena, "Tengani, zotsalazo ndi copereka canga," nadziwa kukula kwa mphatso yace. Pa ulendo wa malonda anena poyera, "Pamwamba pa mafuta muonjezepo zakuti," ndipo palibe cidani.

Ena adzafunsa za magalimoto a hybrid, okhala ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota ya magetsi. Nzeru yace ndi yakuti mphamvu imene buleki ikadataya ibwezedwa m'batire, ndi injini izima yokha poima. Cifukwa cace apambana makamaka m'tauni. Camry ya hybrid ya 2018, ya mtundu wa LE, inalembedwa mamailosi 52 pa galani, ndiwo makilomita 22 pa lita. Pa makilomita 15,000 ifuna malita pafupi 680, nipulumutsa oposa 400 pa caka poilinganiza ndi inzace ya petulo yekha. Toyota anakhulupira njira iyi kotero kuti Camry ya 2025 ku America inaturuka ya hybrid yokhayokha. Koma pano ponso buku ndilo liweruza. Tengani ndalama zimene hybrid iposa nazo inzace pogula, muzigawe ndi zimene ipulumutsa pa caka, ndipo mudzapeza zaka zimene muyenera kudikira. Kumbukiraninso kuti batire yace yaikuru ikalamba, ndi mtengo woisintha suli wocepa. Wogula yakale ayambe wayesetsa batireyo kwa mmisiri wodziwa, nafunse ngati mmisiri wotero apezeka kufupi ndi kwao.

Cifukwa cace, inu amene mulingalira za kugula galimoto, musayambe ndi mtundu wa utoto kapena kufewa kwa mipando. Cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Yambani mwawerenga makilomita amene mudzayenda pa caka, ndi malita amene adzafuna, ndi ndalama zimene zidzaturuka ngakhale galimoto isayende. Ndipo mukaona kuti mtolowo ulingana ndi mutu wanu, gulani ndi mtima wokondwa, musankhe injini yaing'ono yokwanira nchito yanu. Inu amene muli nayo kale, gulani kope la ana a sukulu, mulisunge m'galimoto momwemo, nimuyambe kulemba pa kuthira kwanu kotsatira: tsiku, makilomita, malita, ndi ciri conse mwalipira. Pakutha miyezi itatu mudzadziwa za galimoto yanu zimene wogulitsa sanakuuzani, ndi zimene pepala la ku Japan kapena la ku America silikadatha kukuuzani.